Khoma likayamba kuda, itanani wodziwa musanagule penti

Ana anga, inu amene mwangolowa m'banja ndi inu amene mwayamba kudzilipirira lendi m'tauni, pali fungo limodzi limene ndikufuna mulidziwe bwino. Ndi lija limakulandirani mukatsekula chipinda chimene chatsekedwa tsiku lonse m'mwezi wa Febuluwale, fungo la chinyontho, la nsalu imene yagona m'ndowa isanayanikidwe. Mphuno imalizolowera msanga. Pakatha sabata mwini nyumba salimvanso, koma mlendo amalimva akangoponda pakhomo, ndipo mnzanu wa kuntchito amalimva pa malaya anu ngakhale munachapa ndi kusita. Fungo limenelo likakhazikika, dziwani kuti penapake m'nyumbamo nkhungu ikumera, kaya mukuiona kaya simukuiona.

Musathamangire kukolopa. Yambani mwasuntha katundu. Kokani wadiropu ichoke kukhoma, muunike kuseri kwake ndi tochi ya pafoni. Tukulani matiresi muone mbali imene imagona pansi, makamaka ngati mumayala pasimenti. Tulutsani nsapato za kutchalitchi zija zili kunsi kwa bedi. Ngati zamera ubweya wotuwa kapena wobiriwira umene ukuchoka ndi chala, mwaipeza. Tsekulani sutikesi mmene mumasunga masatifiketi ndi zithunzi zaukwati. Mapepala akayamba kufewa, kumatirirana ndi kuchita timadontho tachikasu, yafikamo kale. Yang'ananinso m'makona a kumwamba, m'mphepete mwa zenera pamene katani imakhudza khoma, ndi kunsi kwa sinki. Pakhoma imaoneka timadontho takuda towazika, tina n'kumaphatikizana kukhala chigamba. Pa siling'i imakonda kutsatira mkombero wofiirira umene madontho a mvula anasiya.

Si chakuda chilichonse chimene chili nkhungu. Mwaye umadetsa chala ndipo umanunkha utsi. Ufa woyera wonga mchere umene umatuluka m'munsi mwa khoma n'kumayoyola penti ndi mchere ndithu, wochokera m'njerwa ndi m'dothi. Mukauthira m'madzi umasungunuka. Zobiriwira zoterera za kunja kwa khoma ndi ndere. Koma mchere uja ndi ndere zija musazipepule, chifukwa zikukuuzani kuti khomalo likumwa madzi, ndipo khoma lakumwa madzi silichedwa kuda.

Mawu amene ndikufuna mugone nawo ndi awa: nkhungu simera pouma. Tinjere take n'tosaoneka ndi maso, timauluka ndi mphepo, ndipo m'nyumba iliyonse tilimo, ya bwana ndi ya mlonda wake yemwe. Chakudya chake chili paliponse: thabwa, pepala, nsalu, chikopa, ngakhale fumbi lokhala pa penti. Chimene imadikira ndi madzi basi, ndipo chinthu chikakhala chonyowa tsiku limodzi kapena awiri imayamba kumera. Choncho munthu amene wapala khoma n'kupaka penti asanapeze polowera madzi wangodzigulira masabata ochepa a mtendere. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mvula ikadzagwanso adzadutsa momwemo, penti uja adzatupa n'kuyoyoka, ndipo chigamba chija chidzatuluka chokulirapo.

N'chifukwa chake ndimada nkhawa ndikamva mwana akuti wapeza nyumba yabwino m'mwezi wa Seputembala kapena Okutobala. Nthawi imeneyo nyumba zonse n'zabwino. Dzuwa laumitsa makoma, landilodi wapaka penti, m'nyumba mukununkha chatsopano, inu n'kulipira miyezi itatu nthawi imodzi. Nyumba imadziwika mu Januwale. Popeza simungadikire Januwale muli ndi katundu panja, phunzirani kuiwerenga ikadali youma. Onani ngati penti watsopano wapakidwa khoma limodzi lokha, kapena m'munsi mokha, n'kudzifunsa chimene akubisa. Gogodani pulasitala ndi chala. Akamamveka ngati m'kati mulibe kanthu, ndiye kuti wasiyana ndi njerwa. Kwezani maso muone ngati siling'i yagwera pakati. Kenako tulukani muzungulire nyumba yonse. Madzi a padenga amagwera pati, nanga akagwa amalowera kuti? Nyumbayo ili pamwamba pa msewu kapena kunsi kwake? Kuseri kuli ngalande, kapena dothi la mnansi wa kumtunda latsamira khoma lanu? M'mapiri mwa Ndirande ndi Soche nyumba zambiri zinamangidwa pokumba phiri, ndipo khoma la kuseri limalandira madzi onse a anthu a kumtunda. Ku Lilongwe vuto ndi mapuloti a m'madambo, amene mu Ogasiti amaoneka ouma gwa. Mukatero, pezani mayi amene wakhala pafupipo zaka zambiri, muwapatse moni mwaulemu, muwafunse kuti, "Amayi, nyumba iyi nthawi yamvula imakhala bwanji? Amene anatulukamo anatuluka chifukwa chiyani?" Iwo alibe penti woti akugulitseni, adzakuuzani zoona.

Madzi olowa m'nyumba ali ndi njira zake. Ochokera kumwamba ndi osavuta kuwamvetsa: msomali wa lata wakhwefuka, lata lachita dzimbiri, kapena pokumana denga ndi khoma panatsekedwa mwachinyengo. Chosokoneza n'chakuti dontho siligwa molunjika pa bowo. Limayenda ndi thabwa la denga n'kukagwera kutali, mwakuti mmisiri waulesi amamata phula pamwamba pa chigamba pamene bowo lili kwina. Ochokera pansi ndi ovuta kwambiri. Womanga akaumira pulasitiki wakuda uja amayalidwa pamwamba pa maziko asanayambe kukweza khoma, njerwa zimayamwa madzi a m'nthaka. Mudzaona mzere wopingasa chipinda chonse, nthawi zambiri wosapitirira mita imodzi kuchoka pansi, kunsi kwake penti atatupa ndi mchere utatuluka. Pamenepo ngakhale mukolope bwanji simungapambane, chifukwa vuto lili m'maziko. Palinso madzi a paipi yobisika m'khoma. Khoma lokhalo limene lagundana ndi bafa kapena khitchini likamanyowa ngakhale m'chilimwe, musanamizire mvula.

Njira yachinayi anthu ambiri saiganizira, chifukwa madzi ake timapanga ndife. Munthu akamapuma amatulutsa nthunzi. Mphika wa nyemba ukamawira umatulutsa nthunzi. Matewera a mwana amene mwayanika pachingwe m'chipinda chifukwa kunja kukugwa mvula, madzi ake onse amatsala m'chipindamo. Usiku khoma ndi malata zikazizira, nthunzi ija imasanduka madontho. Amene anakhalako ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Blantyre nthawi ya chiperoni amadziwa malata odontha m'bandakucha kunja kulibe mvula. Omanga akale ankasiya timabowo ta mpweya pamwamba pa zenera. Ife timatitseka ndi nyuzipepala poopa udzudzu ndi kuzizira, mawindo n'kumakhala otseka usana wonse poopa akuba. Mantha amenewo ndi omveka, sindikuwanyoza. Koma chotsani nyuzipepala ija muikepo sefa wa waya, ndipo pamene muli pakhomo tsekulani mawindo a mbali ziwiri mphepo idutse. Bedi ndi wadiropu zisiyane ndi khoma mpata wolowa dzanja.

Ndikudziwa kuti wina akuti, "Agogo, takhala m'nyumba zotere chikhalire, tafa?" Inu anyamata amphamvu mwina mungoyetsemula ndi kuyabwa m'maso. Koma m'nyumbamo simukhala nokha. Muli khanda limene limagona maola ambiri nkhope ili pafupi ndi khoma lomwelo. Muli mwana wa mphumu. Muli m'bale amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika chifukwa cha HIV kapena mankhwala a khansa. M'chaka cha 2009 bungwe la WHO linatulutsa malangizo apadera pa nkhani ya chinyontho ndi nkhungu m'nyumba, litaona kuti okhala m'nyumba zotere amavutika kwambiri ndi chifuwa, kubanika ndi matenda a m'njira zopumira, ndiponso kuti mphumu imakula. Amene anadwalapo TB asamale koposa. Nthendayi ikachira imatha kusiya mphako m'mapapo, ndipo mtundu wina wa nkhungu wotchedwa Aspergillus umatha kukhazikika m'mphakomo. Munthu amatsokomola, nthawi zina magazi, n'kumaonda, koma akayezedwa TB osapezeka. Chifuwa chikatha masabata awiri pitani kuchipatala, ndipo mukafika musangonena za chifuwa chokha. Auzeni adokotala kuti, "Kunyumba kwathu makoma ndi onyowa, akuda ndi nkhungu." Muonenso ichi: mwana akamatsokomola usiku uliwonse kwanu, koma akapita kutchuthi kumudzi n'kusiya, pobwerera n'kuyambiranso, nyumba ndiyo yoyamba kuikayikira.

Kuti mudziwe kuti izi si nthano za okalamba, mverani zimene zinachitika ku England, dziko la chuma ndi madokotala. M'tauni ya Rochdale munali mwana dzina lake Awaab Ishak, makolo ake ochokera ku Sudan. Ankakhala m'nyumba ya chipinda chimodzi chogona, ya bungwe lobwereketsa nyumba. Bambo ake anadandaula za nkhungu m'chaka cha 2017, mwanayo asanabadwe n'komwe, ndipo anauzidwa kuti angopakapo penti. Anapaka, nkhungu inabwerera. Anadandaulanso, wa zaumoyo woyendera ana analembera bungwelo kalata, koma ntchito yokonza sinachitike. Mu Disembala 2020, patangopita masiku ochepa atakwanitsa zaka ziwiri, Awaab anamwalira ndi vuto la kupuma. Mu Novembala 2022 wofufuza za imfayo anagamula kuti chinamupha ndi kukhala nthawi yaitali m'nyumba ya nkhungu, ndipo anapeza kuti nyumbayo inalibe njira zokwanira zotulutsira mpweya wonyowa. Chimene chimandiwawa kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti ogwira ntchito m'bungwemo anali atagamula kale m'mitima mwawo kuti vuto ndi kakhalidwe ka banjalo, kasambidwe kawo, osafunsa n'komwe. Imfa ya mwana ameneyu inabala lamulo lodziwika ndi dzina lake, limene linayamba kugwira ntchito pa 27 Okutobala 2025. Tsopano ku England, khonsolo kapena bungwe lobwereketsa nyumba likalandira dandaulo la nkhungu yoopsa liyenera kufufuza pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, ndipo ngozi ikakhala yadzidzidzi, pasanathe maola 24. Inu adzukulu anga amene muli ku Manchester, ku Leeds ndi kwina konse kumeneko, mukugwira ntchito yosamalira okalamba n'kumagona m'zipinda zozizira, lidziweni lamuloli. Ngati landilodi wanu ndi munthu wamba ndipo akukuzembani, khonsolo ya dera lanu ili ndi ofesi ya zaumoyo imene ingabwere kudzayendera nyumbayo.

Mlandu umene anapatsidwa makolo a Awaab ndi womwewo umene timapatsana kuno. Khoma likada, maso onse amapita kwa mkazi. Apongozi akabwera amanong'ona kuti mtengwa ndi wauve. Landilodi amati, "Anzanu onse amene anakhalamo sanadandaulepo, ndinu osasamala." Mwana wamkazi uja, ndi manyazi, amakankhira kabati pa chigambapo kuti alendo asaone, n'kumakolopa kawiri patsiku, kumene kukungowonjezera chinyontho. Ana anga aakazi, denga lodontha si uve wanu. Maziko opanda pulasitiki simunamange ndinu. Ndipo inu amuna awo, imani nawo pamodzi akazi anu m'malo mowakalipira. Manyazi ndi amene amachedwetsa anthu kuitana thandizo mpaka mwana atagonekedwa m'chipatala.

Mukangoona chizindikiro, jambulani ndi foni tsiku lomwelo. Zungulizani chigambacho ndi pensulo, mulembe deti pambali pake, kuti pakatha sabata muone ngati chadumpha mzere. Kenako uzani mwini nyumba, mwaulemu koma momveka, ndipo mawu apakamwa atsatidwe ndi uthenga wa pa WhatsApp wokhala ndi zithunzi, kuti mawa pasadzakhale zokanirana. Simufunika kukalipa. Mungonena kuti, "Bambo, pepani kukuvutitsani. Khoma la kuchipinda likunyowa ndipo lachita nkhungu, mwana wayamba kutsokomola. Tikupempha mubwere ndi mmisiri adzaone pamene madzi akulowera." Onetsetsani kuti mwapempha kuti adzaone, chifukwa mukangoti adzakonze akutumizirani mnyamata ndi chitini cha penti. Musasiye kulipira lendi mwa inu nokha pofuna kumukhaulitsa. Mudzapezeka olakwa ndinu. Ngati mwagwirizana kuti mukonze ndi ndalama zanu n'kuchotsera pa lendi, zilembedwe, ndipo malisiti musunge. Akakana kumva, pitani kwa mfumu ya dera kapena kwa alangizi a zaumoyo aja amachititsa sikelo ya ana, ndipo ku khonsolo ya mzinda kapena ya boma kuli ofesi ya zaumoyo imene ntchito yake ina ndi kuyendera malo okhala anthu. Safunsa anadya phula.

Tsopano za woyendera nyumbayo, chifukwa apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Mmisiri woona mudzamudziwa ndi mapazi ake. Mukamuonetsa chigamba cha kuchipinda, iye amatuluka panja kukaona kuseri kwa khoma lomwelo. Amapempha makwerero n'kukwera padenga. Ngati pali siling'i amalowetsa mutu ndi tochi, kuyang'ana matabwa akuda ndi pamene kuwala kwa dzuwa kukulowera. Amafunsa mafunso: chinayamba liti, chimakula mvula ikagwa kapena nthawi yozizira, m'chipindamo mumagona anthu angati, zovala mumayanika kuti, bilu ya madzi yakwera kapena ayi. Amagwira khoma ndi kuseri kwa dzanja kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti amve pamene kunyowa kukuthera. Ena ali ndi kachipangizo kogunditsa pakhoma koyezera chinyezi, ndipo n'kothandiza, koma sikalowa m'malo mwa kukwera padenga. Wabwino kwambiri amakuuzani kuti, "Mvula ikayamba kugwa mundiimbire, ndidzaone madzi akuyenda." Koma amene waima pakhomo manja ali m'thumba, n'kutchula kuchuluka kwa ndowa za penti asanazungulire nyumba, mupatseni ya minibasi abwerere. Ndimalangiza kuti woyendera mumulipire ya kuyendera kokha, payokha, kuti asakhale ndi chifukwa chokulitsira vuto. Ntchito ikakhala yaikulu, monga kugumula pulasitala kapena kusintha malata, imvani amisiri awiri osadziwana. Inu a ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku Ulaya, chenjerani ndi makampani amene amati kuyendera n'kwaulere pamene iwo omwewo ndi ogulitsa mankhwala a m'khoma. Woyendera amene sakugulitsani kanthu ndiye wodalirika.

Nzeru imeneyi si ya lero. Mukawerenga Levitiko chaputala 14 mupeza kuti Aisraeli anali ndi dongosolo lonse la nyumba imene makoma ake aoneka mawanga obiriwira kapena ofiira. Mwini nyumba ankakanena kwa wansembe. Katundu ankatulutsidwa wansembe asanalowe. Akaona mawangawo ankatseka nyumba masiku asanu ndi awiri, n'kubweranso kudzaona ngati afalikira. Akapeza kuti afalikira, miyala yogwidwayo inkachotsedwa, makoma ankapalidwa, zopalidwazo n'kukatayidwa kunja kwa mudzi, ndipo ankaikapo miyala ina ndi kumata mwatsopano. Zikabwereranso, nyumba yonse inkagwetsedwa. Taonani kuti mwini nyumba sankadzigamulira yekha, woyendera ankabwera kawiri, ndipo chogwidwa chinkachotsedwa m'malo mokutidwa.

Podikira mmisiri, pali mayeso awiri amene mungachite nokha osawononga ndalama. Dulani pulasitiki woonekera mkati, wamkulu ngati tsamba la kope, mumumate pakhoma lonyowalo kapena pasimenti ndi tepi mbali zonse zinayi, mpweya usalowe. Musiyeni masiku awiri. Madontho akapezeka kunsi kwa pulasitiki, madzi akuchokera m'khoma kapena m'nthaka. Akapezeka pamwamba pake, ndi nthunzi ya m'nyumba momwemo, ndipo mankhwala ake ndi mphepo. Mayeso achiwiri ndi a mita ya madzi. Tsekani mipopi yonse, muonetsetse kuti thanki ya chimbudzi yadzaza, mulembe manambala a pamita, mudikire ola limodzi kapena awiri osatunga. Manambala akasuntha, paipi ikudontha penapake, ndipo wofunika ndi pulambala. Za kutumiza nkhungu kokayeza kuti mudziwe mtundu wake, musatayirepo ndalama. Ngakhale bungwe la CDC la ku America limanena kuti nthawi zambiri kuyeza koteroko n'kosafunika, chifukwa mtundu uliwonse uyenera kuchotsedwa ndipo madzi ayenera kutsekedwa. Kuda kapena kubiriwira kwake sikusonyeza kuopsa kwake.

Polowera madzi pakatsekedwa, ndiye muchotse nkhunguyo. Chigamba chosapitirira mita imodzi mulitali ndi mulifupi mungachichotse nokha. Choposa pamenepo, kapena siling'i yonse ikagwidwa, funani thandizo. Ana, amayi oyembekezera, a mphumu ndi odwala atuluke. Tsekulani mawindo, valani magolovesi ndi chotseka pakamwa ndi pamphuno. Musapale pouma ndi tsache kapena bulashi, chifukwa mungouluzira tinjere tija m'nyumba monse. Nyowetsani kaye ndi madzi a sopo, mutsuke, mupukute. Mukafuna kuthira Jik, kapu imodzi m'malita 4 a madzi yakwana. Ndikupemphani, Jik musamusakanize ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi kapena ena alionse, chifukwa mpweya wotulukapo umawotcha mapapo. Zinthu zomwa madzi monga makatoni, mabolodi a siling'i, mapilo ndi matiresi amene nkhungu yalowa mkati sizitsukika. Ndikudziwa mtengo wa matiresi lero, koma chifuwa cha mwana n'chodula kuposa pamenepo. Zovala zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka ziume gwa. Khoma lisiyeni liume ndithu musanapake kanthu, ndipo pa khoma limene linavutapo, laimu wa makolo athu amaposa penti wamafuta, chifukwa nkhungu simukonda ndipo amalola khoma kupuma pamene penti wamafuta amatsekera chinyontho mkati. Chinthu chimodzi musachite ngakhale mutauzidwa ndi ndani: kuika mbaula ya makala m'chipinda chotseka kuti khoma liume. Mpweya wa makala sununkha, ndipo wapha mabanja ali m'tulo.

Amene nyumba zanu zinalowapo madzi osefukira, monga zinachitikira ambiri kum'mwera nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, dziwani kuti khoma limauma kunja msanga koma mkati limatenga masabata ngakhale miyezi. Ngati ndi la zidina, mmisiri aone kaye ngati m'munsi mwake simunafewe musanagonemonso.

Pali ngodya ina ya nyumba imene sindingaisiye. Masiku ano nkhokwe zapanja zatha chifukwa cha akuba, ndipo chimanga chimagona nafe m'nyumba, matumba atasanjidwa pasimenti ndi kutsamira khoma. Khoma lonyowa lija likakhudza thumba, chimanga ndi mtedza zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu saphedwa ndi moto. Kaya muphike nsima, kaya mukazinge mtedza, amakhalamobe. Akamalowa pang'onopang'ono amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, makamaka kwa amene ali ndi kachilombo ka hepatitis B. Akalowa wambiri nthawi imodzi amapha. Kum'mawa kwa Kenya m'chaka cha 2004 anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chotere, chambiri chake cholima okha n'kusunga chisanaume. Choncho matumba akhale pa thandala la mitengo, asagunde pansi, asagunde khoma. Musanathire m'thumba, yesani kuuma kwake: ikani chimanga chodzaza dzanja m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule, mudikire kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chibwezereni padzuwa. Chimene chachita chuku musagaye, musafululire mowa, ndipo musapatse nkhuku kapena ng'ombe, chifukwa poizoniyo amatha kubwerera kwa inu, monga kudzera mumkaka wa ng'ombe. Ndipo mtedza musamauwaze madzi kuti usavute kusenda.

Ambiri a inu mukulota zomanga yanuyanu, ena mwaumba kale njerwa. Tsiku loyala pulasitiki pa maziko mukhalepo nokha, muone ndi maso anu kuti wayalidwa khoma lililonse, la mkati lomwe, osang'ambika. Ndi chinthu chotsika mtengo pa zonse za nyumba, koma chikaiwalika kuchibwezera kwake n'kogumula khoma. Maziko akwere kuposa bwalo, malata atuluke mokwanira kuti mvula isamenye khoma, kuzungulira nyumba kukhale khonde lopendekera kunja ndi ngalande yotaya madzi kutali. Chipinda chilichonse chikhale ndi zenera lotsekuka, bafa lomwe. Pulasitala akamatidwa musathamangire penti chifukwa choti Khirisimasi yayandikira; musiyeni aume.

Ndipo inu amene Mulungu wakudalitsani mwamanga nyumba zalendi, kumbukirani kuti mwana amene akugona m'chipinda chija ali ndi mapapo ngati a mwana wanu. Tenanti akakuimbirani kuti khoma lanyowa, musamufunse kuti amakolopa kangati. Pitani sabata yomweyo, mmisiri ali nanu, makwerero ali paphewa.